Dazi la Mphaka wa a Dona

LOLEMBA

Lero ndi lero! A Dona apita. Galimoto yawatenga m'mawa kupita ku siteshoni ya Luchenza, akakwera sitima ya ku Limbe kukazulitsa dzino, abwera Lamulungu. Asanakwere andiitana pakhonde, ineyo, dobi wochapa ndi kusita, a Khukhi ophika aja ali pomwepo. Andiika mphaka wawo Sinowi m'manja. Mawu awo, m'Chinyanja chawo chodumphadumpha chija: "Iwe sunga pusi. Pusi bwino, iwe tebulo."

Tebulo! Ndiye kuti mkanjo woyera, chisoti chofiira, kuperekera a Bwana chakudya. Ine amene zaka zisanu zapitazo ndinkalima ndime m'munda wa tiyi, kapitao ali kumsana! A Khukhi nkhope yachita ngati alawa ndimu. Malowo ankafunira mlamu wawo.

Zochita sabata ino:
1. Mkaka m'sosala, m'mawa ndi madzulo.
2. Kupesa ubweya.
3. Kuphunzira kupereka mbale. Mbale imalowera kumanzere kwa wakudya, osati kumanja. Ndayeserera kasanu pa mpando wopanda munthu. Mpando sunadandaule.

Ndauza mkazi wanga, amake Esitere, ndipo iwo auza layini yonse ya antchito.

Sinowi ndi woyera mbee ngati thonje. Ndimusunga m'chipinda chositira momwe ndimakhala tsiku lonse, diso langa lisamuchoke. Amakondamo kale, amagona pa zovala zofunda. Muli ndi mnzake: thadzi la amake Esitere, limene ndinalibisa m'dengu kuseri kwa chitseko masabata awiri ndi theka apitawo, poti ku layini vumbwe watha nkhuku. Likufungatira mazira khumi ndi awiri. A Dona sadziwa. Si kuba ayi, ndangobwereka ngodya.

Popesa ndapeza kadazi kuseri kwa khutu, kakang'ono ngati chikhadabo. Si kanthu!

LACHIWIRI

Madazi atatu. Lina pakhosi, lina pamwamba pa mchira. Khungu lafiira, ndipo Sinowi akudzikanda ngati wa bangwe pa ukwati.

Sindikuopa. Safunsa anadya phula, choncho ndafunsa. Zomwe ndatola:

A Khukhi akuti ndi mphere. "Ameneyo mankhwala ake ndi thumba, mwala, ndi mtsinje." Akunena akumwetulira.

Mkulu wosamala maluwa akuti ndi chipere, chomwe chija chimadya mitu ya ana, poti dazi lake ndi lozungulira.

Mlonda akuti alipo wachita. Sanatchule dzina, wangolozera kukhitchini ndi mlomo.

Amake Esitere akuti wapukwa. "Akudzinyambita chifukwa mwini wake palibe. Inunso, abambo ake Esitere, nditapita kwathu kukakolola munayamba kusosoka."

Ine ndikuti ndi chakudya. A Dona anasiya nsomba za m'chitini zisanu ndi imodzi. A Khukhi akuti zatha, milomo yawo ili ng'aning'ani. Mphaka wobadwira pa pilo akudya matemba!

Matenda asanu, mphaka mmodzi. Ndiyamba ndi limodzi limodzi, pofika Loweruka ubweya ukhala utamera. Kuti mphepo isamupeze, ndatseka zenera la chipinda chositira, ndipo bedi lake ndalisendeza pafupi ndi dengu la thadzi, azifunditsana.

Mbale kumanzere, kakhumi. Ndaswa sosala imodzi yokha, ndaibisa.

Ndikumva kuyabwa pamikono. Ndi chimwemwe chimenechi.

LACHITATU

Madazi asanu ndi awiri. Limodzi landikumbutsa mapu amene ankapachika kusukulu ya mishoni.

Ndamunyamula m'dengu la zochapa mpaka ku kachipatala ka esiteti. Pamzere anthu a mabala a zikwanje ndi a malungo andiyang'ana ngati ndapenga. A Diresa, otsuka mabala aja, poyamba akana: "Ine ndimaona anthu, achimwene." Kenako avala magalasi, apatula ubweya, akuti, "Izi ndi zoluma, si mphere ayi. Amagona pati?"

Ndayankha kuti amagona m'chipinda chaukhondo kuposa zonse pa esiteti pano, chosesedwa ndi ine ndemwe kawiri pa tsiku. Funso lachipongwe! Munthu wophunzira mpaka ku Blantyre kumafunsa za pogona m'malo mopereka botolo.

Pobwerera ndakumana ndi mayi wina wothyola tiyi, dengu kumsana. Akuti mwana wake akatuluka zotupa amamusambitsa ndi tiyi wowira kwambiri, wozizira. Ha! Mankhwala ali ponseponse, mapiri onsewa ndi mankhwala okhaokha, ine n'kumavutika!

Ndaphika ndowa yathunthu, wakuda bii. Ndamuviika katatu.

Zotsatira:
1. Mikono yanga ili ndi mizere ngati munda wolimidwa kumene.
2. Kudzikanda kwaleka kwa kanthawi. Zikugwira!
3. Sinowi sali woyeranso. Ndi wofiirira, ngati nsalu yopukutira tebulo la a Khukhi.

Chachitatuchi sichikundidetsa nkhawa. Kuyeretsa zinthu ndiyo ntchito yanga.

Thadzi lili bwino, silikusuntha n'komwe. Mayi weniweni.

LACHINAYI

Sopo wakanika. Tiyi wa kuno akagwira, wagwira.

Koma dobi ndi dobi. Malaya a a Bwana akayamba chikasu timatani? Timaika buluu m'madzi otsukuluzira, amatuluka oyera mpaka maso kuwawa. Pa malaya ndimaika kachidutswa kamodzi. Pa mphaka ndaika tiwiri, poti ubweya ndi wochindikala.

Ndamuyanika padzuwa, ndamugwirizira ndekha.

Wauma. Ndi wabuluu. Pamene panali tiyi wambiri ndi wobiriwira. Madazi okha ndiwo ofiira, ndipo tsopano akuoneka munthu ali kutali.

A Khukhi aseka mpaka akhala pansi pa nkhuni. "Mwapanga mbendera, achimwene! Ya dziko liti?" Munthu wa patebulo sakangana ndi wa kumaphika.

A Bwana adutsa pakhonde popita ku fakitale, ndabisa mphaka kumsana. Sanaone. Anali otanganidwa ndi kudzikanda m'khosi mwa malaya amene ndinasita dzulo. Andifunsa ngati ndasintha sopo. Sindinasinthe. Mwina nawonso apukwa.

Masana ndaima kuseri kwa nyumba, ndikuona anthu ali chiweramire m'mizere ya tiyi, kapitao ali ndi ndodo yake yoyezera ndime. Ndinene zoona, poti buku ili ndi langa ndekha: ndikuopa. Bambo anga anachoka kwa Apwitikizi atandinyamula paphewa, nadzawerama m'munda uno mpaka msana unakana kuwongoka. Tsiku lomwe ndinalowa m'nyumba muno ndinalumbira kuti khasu la esiteti sindidzaligwiranso. Ndipo tsopano lumbiro langa lonse lili pamsana pa mphaka wabuluu.

Basi, zokwanira. Masiku akadalipo atatu! Buluu amasuluka, ndikudziwa ine.

Kuyabwa kwafika m'chiuno ndi m'khwapa.

LACHISANU

Nzeru yandifikira ndikusita mapilo! Ubweya sungamere masiku awiri, zoona. Koma ndani wanena kuti uyenera kumera? A Dona akafika adzakhala otopa, tsaya lotupa, diso limodzi lotsinzina. Chofunika n'choti mphaka aoneke wathunthu tsiku limodzi lokha. Mkanjo ukangolowa m'thupi, zinazo tidzakamba.

Zida:
1. Thonje la m'pilo wakale.
2. Sitachi wa chinangwa, amene ndimalimbitsira makolala, wophika molimba.
3. Lumo la a Dona losokera.

Ndamata madazi onse khumi ndi limodzi, ndadulira mozungulira kuti zifanane. Ntchito yokongola! Ukaima pakhomo, n'kutsinzina pang'ono, ndi Sinowi yemwe uja, koma wa mawanga oyera pa thupi labuluu. Thonjenso ndalipaka buluu pang'ono kuti zigwirizane.

Ndaitana mkulu wosamala maluwa adzaone. Wayang'ana nthawi yaitali, akuti, "Ndakhala zaka zambiri, mwana wanga." Kenako wapita. Ndikuganiza kuti wagoma.

Ndapita kukaanula nsalu. Pobwera ndapeza Sinowi wanyambita sitachi yense, watafuna thonje, walavula timipira pa diresi la a Dona la ku tchalitchi. Pomwe panali sitachi, ubweya wa m'mbali wazukanso. Madazi sali khumi ndi limodzi tsopano. Agwirana, atsala anayi, akuluakulu.

Anayi ndi ochepa kuposa khumi ndi limodzi. Ndikulemba zimenezi kuti mtima ukhale pansi.

Diresi ndachapa, ndasita, a Khukhi anditsekulira chipinda cha a Dona, ndakapachika m'kabati pamodzi ndi ena onse amene agona m'chipinda changa sabata ino. Pamenepo pokha a Dona sadzapeza chonena.

M'dengu mwayamba kumveka tiphokoso. Mawa anapiye!

LOWERUKA

Aswa! Khumi ndi mmodzi, dzira limodzi lokha ndilo lasukusa. Tachikasu, takuda, kamodzi kopanda nthenga m'khosi. Ndavina ndekha ndi simbi m'manja.

Ndatuma mawu, amake Esitere abwera mozemba kudzera ku nthochi. Agwada, alowetsa dzanja m'dengu, alitulutsa msanga. Mkono wonse uli nyakanyaka, tinthu tofiira tikuyenda mpaka m'chigongono. Ayang'ana dengu. Ayang'ana bedi la mphaka lomwe lagundana nalo. Ayang'ana ine ndikudzikanda m'khwapa.

"Abambo ake Esitere, kodi inu munakulira kuti? Nkhuku yofungatira ndi utitiri zinasiyanapo liti?"

Utitiri!

Mwana aliyense wa ku layini amadziwa. Ine ndemwe ndili wamng'ono ndinkatentha zisa nkhuku ikangoswa. Koma sabata yonse ndakhala ndikufunira mphaka wachizungu matenda achizungu. A Diresa anafunsa bwinobwino kuti amagona pati, ine n'kuwayankha za tsache. Ndipo ndine ndinatseka zenera, ndine ndinasendeza bedi.

Uli paliponse: m'ming'alu ya khoma, m'bulangete lositirapo, m'mipendero ya malaya.

Komabe tamverani, ndi nkhani yabwino! Si mphere, si chipere, palibe wachita. Gwero lapezeka, ndipo ndi lochizika!
1. Thadzi ndi ana ake apita ku layini m'chitenje cha amake Esitere.
2. Dengu ndatentha.
3. Madzi owira pansi ndi m'makoma, phulusa pamwamba.
4. Sinowi ndamupesa ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono, ndamugoneka pakhonde pa mphepo. Wagona tulo osadzikanda. Ndatsala pang'ono kulira.
5. Zovala zonse za m'kabati ziyenera kusitidwanso ndi simbi yotentha kwambiri.

Chachisanucho chavuta. Makiyi a chipinda cha a Dona ali ndi a Khukhi, ndipo akuti sakukumbuka pomwe awaika. Ndawapempha mwaulemu, ndawatchula kuti bambo. Akuti mwina akumbuka Lolemba.

LAMULUNGU

A Dona afika nthawi ya nkhomaliro, tsaya lili ngati abisamo mango.

Ndaima pakhonde, Sinowi ali m'manja, ndamufunditsa thawulo mpaka m'khosi. A Dona achotsa thawulo. Mawu amene atuluka sindingawalembe, si a Chinyanja, ndipo ndikukayika ngati ndi a Chingerezi.

Ndayesa kufotokoza kuti gwero lapezeka, kuti ubweya umera pakatha mwezi. Alowa m'nyumba kukasintha zovala za paulendo. Makiyi apezeka nthawi yomweyo. Avala diresi lija la ku tchalitchi. Asanamalize supu ayamba kudzikanda, a Bwana mbali iyi, iwo mbali iyo.

Pamenepo a Khukhi alowa ndi mbale ya nyama, akuti, "Ine, Dona, za nkhuku ija sindifuna kunenapo kanthu."

Mlandu sunatalike. "Iwe munda. Pusi kutali." Akaitanitsa mphaka wina ku Limbe. Mkanjo wapita kwa mlamu wa a Khukhi, ndipo ukumukhala bwino, poti ndinausita ndine Lachiwiri, ndikuyesa ndi wanga.

A Khukhi abwera ndi thumba ndi mwala. Ndakana. Ndamulakwira kokwanira mphaka ameneyu, za mtsinje ayi. Ndamunyamula pachifuwa kudutsa layini yonse, anthu omwe aja anamva za tebulo ali m'makomo. Palibe waseka mokweza. Bola akanaseka.

Kapitao wadutsa madzulo, wasiya khasu pakhomo. Akuti belu ndi lomwe lija, sanalisinthe. Ndaligwira mpini. Manja anga afewa ndi sopo, mawa achita matuza. Zikundiwawa, ndipo wondilakwira palibe woti ndimutukwane.

Amake Esitere sanakalipe. Angoti, "Mapanga awiri avumbwitsa," n'kupitiriza kusankha nyemba. Kenako awerenga anapiye. Akuti ndi khumi. Awerenganso. Khumi. Sinowi wakhala pamphasa akutsuka kumaso, kanthenga kachikasu kali pandevu.

Chakudya chapansi wakana, cha m'chipande wakana. Ndatulutsa chibenthu cha sosala ija ndinaswa, ndaikapo matemba awiri, ndagwada. Wandiyang'ana kaye, wabuluu, wadazi, ngati mwini esiteti.

Ndamupatsira kumanzere.