Bowo la Pachumuni ndi Mbewu ya Apongozi

M'khitchini mwathu muli bowo limene sindiloledwa kulitseka. Mwini bowolo ndine, ndipo linandidyera mbuzi, nkhuku ndi wailesi, koma ndikangoliyandikira nditanyamula dothi, banja lonse limandiyang'ana ngati ndagwira mpeni. Anzanga a pabawo nkhaniyi amaikonda kwambiri, ndiye bola ndiifotokoze ndekha asanaithire mchere wawo.

Ine kwathu ndi ku Kasinje, kuchigwa, kumene timalima mpunga ndipo bulangete ndi la alendo. Ndinakwatira kwa Champiti n'kukhala pachikamwini. Zonse ndinazolowera msanga kupatula kuzizira kwa mwezi wa Juni. Abale inu, kumtunda kuno mphepo sisewera! Pothawira pake ndi m'khitchini, koma m'khitchinimo munali utsi wa pamafuwa woti ukalowa umatuluka ukulira ngati wamva uthenga wa maliro. Akazi anga, amake Tadala, maso ankangokhala ali psuu, chifuwa osatha.

Tsono bambo anga anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo tili ana ankatisimbira za chitofu chachitsulo choima pachokha ndi miyendo yake. Moto mkati, poto pamwamba, utsi wonse kudzera m'chumuni n'kutulukira kudenga. (Chitofucho sanabwere nacho. Anabwera ndi chipewa, chikhoti ndi nkhaniyi basi.) Ine chinandikhala mumtima kuyambira nthawi imeneyo.

Vuto linali lakuti khitchiniyo ndi ya apongozi anga aakazi, aNachisale, amene ndi amasiye ndipo timadya nawo limodzi. Kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sachezerana, sayang'anana m'maso. Mawu amadzera mwa mwana wawo, ngakhale nonse mutakhala pabwalo limodzi. Ndiye ndikanayambira pati kuwauza kuti ndikufuna kuzula mafuwa awo? Mwayi unapezeka chaka china mlamu wanga wa ku Balaka atabereka, apongozi n'kuitanidwa kuti akakhale naye mpaka mvula itayandikira.

Tsiku lonyamuka anaima pakhomo atayang'ana kumbali, n'kuuza mwana wawo kuti, "Iwe, uwauze bambowo kuti mbewu yanga ili kudenga m'khitchinimo. Ndidzaipeze."

Amake Tadala anatembenukira kwa ine. "Akuti mbewu yawo..."

"Ndamva," ndinatero. "Muwauze kuti adzaipeza bwinobwino."

Mbewu imeneyi sinali yamasewera. Chinali chimanga chamakolo, cholimba, chokonoka bwino mumtondo, chimene anasiyiridwa ndi amayi awo. M'mudzi monse anthu anali atasinthira ku mbewu yogula, otsala nacho anali iwo okha. Chaka chilichonse ankasankha chachikuluchikulu, kuchimanga m'mitolo chili m'makoko ake, n'kupachika pamwamba pa moto mpaka chitada bii ndi mwaye.

Minibasi yawo isanafike n'komwe ku Balaka, ine ndinali panjinga kulowera ku Manjawira kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo.

"Achimwene, zitofu zilipo za mitundu iwiri," anandiuza. "Cha mgolo n'chotchipa koma chimapsa msanga. Cha chitsulo chochindikala mudzasiyira adzukulu."

Ndinasankha cha adzukulu (amene mpaka pano ndilibe), ndipo mbuzi yanga yaikazi inapita kumsika. Pofika pa nkhani ya chumuni mthumba munali mutapepuka. Paipi yatsopano yosadukiza inali yodula, koma mmisiriyo anali ndi zidutswa ziwiri zakale zoti tingolumikiza. Anandichenjeza kuti polumikizirapo pakhoza kumatuluka utsi pang'ono. Ndinati palibe kanthu, dothi kwathu silogula.

Chitofu chinafika pangolo, ana a m'mudzi akuthamangira pambuyo. Amake Tadala anachizungulira, kuchigogoda, kutsegula kachitseko kake.

"Ndiye utsi wonse uzipita kunja?"

"Wonse!" ndinayankha chifuwa nditatulutsa.

"Nanga mbewu ya amayi? Paja chimene chimathamangitsa anankafumbwe ndi utsi womwewu."

"Zimenezo siyirani ine. Ndikagula mankhwala ku Manjawira."

Mawu amenewa muwasunge, chifukwa ine sindinawasunge.

Tinaboola denga laudzu, kutulutsa paipi, n'kusonkha moto. Eee, zinali bwino! Khitchini inafunda, utsi ukutulukira pamwamba mowongoka ngati pafakitale. Ndinatuluka panja kukaima patali, manja kumbuyo, kuti odutsa adziwe mwini wake. Ndili chiimire choncho ndinaona kuti utsi ukutuluka wa mitundu iwiri, wina m'paipi, wina muudzu wozungulira paipiyo. Ndisanamvetse bwino, mayi wina woyandikana nafe anakuwa kuti "Motooo!" ndipo amayi a m'mudzi anatulukira ndi ndowa. Moto anauzimitsa ndithu, ndiwathokoze. Koma madzi onse akudawo anatsikira mumphika wa nyemba, ndipo amake Tadala anatuluka m'khitchinimo atanyowa, akundiyang'ana osaphethira.

Apa ndinaphunzira kuti paipi yotentha ndi udzu sizigwirizana. Panafunika malata. Nkhuku zinatsatira mbuzi ija, ine n'kubwerera ku Manjawira. Pochoka amake Tadala anandikumbutsa za mankhwala, ndinavomera, koma nditalipira malata ndi misomali chotsala chinangokwana chitumbuwa. Tinakhala anthu oyamba m'mudzimo kukhala ndi khitchini yamalata pamene nyumba yogona ili yaudzu. Anthu ankafunsa ngati tsopano tizigona ndi mapoto.

Posintha dengalo ndinatsitsa mbewu ya apongozi. Nditaona mmene inadera, pansi pa malata owala chonchi, ndinaona kuti sizikugwirizana. Ndinatenga burashi ya nsapato n'kupukuta mwaye wonse, mtolo ndi mtolo, kenako n'kuipachika pakona yakutali ndi chitofu, pamzere wooneka bwino. Mumtimamu ndinkati, apongozi akadzabwera adzadziwa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu waukhondo.

Kenako kunabwera chiperoni. Kamvula kaja kankalowa m'paipi n'kutsikira pamoto, chitofu n'kumalira ngati mphaka wopondedwa. Mmisiri uja anati chumuni chimafuna chipewa. (Bambo anga za chipewa ichi sananenepo.) Wailesi yanga inapita kwa mphunzitsi wina, ine n'kubwera ndi chipewa cha chumuni. Mankhwala ndinawakumbukira ndili kale pakhomo, ndikutsamiritsa njinga.

Chimene chinandisowetsa mtendere kwenikweni chinali polumikizira paja, m'mwamba pafupi ndi denga. Panali kabowo kotulutsa kautsi kosalekeza. Ndinamatapo dothi, linang'aluka. Ndinasakaniza ndi ndowe, khitchini inanunkha khola sabata yonse, n'kung'alukanso. Ndinakulungapo chigamba cha lata n'kumanga ndi waya, utsi unangosintha potulukira. Pamapeto pake pamalopo pankaoneka ngati bondo lotupa lomangidwa nsanza. Ndiye alendo anali akubwera tsiku ndi tsiku kudzaona chitofu cha ku Joni, ndipo aliyense maso ake ankathera pomwepo. "Nanga apo patani, bambo a Tadala?"

Tsiku lina amayi a kutchalitchi atanena kuti abwera kudzaona, nzeru zinandibwerera. Ndinatenga mitolo ingapo ya mbewu ija pakona paja n'kuipachika pamtanda wa denga, kutsogolo kwenikweni kwa bondo langa lotupalo. Linabisika bwinobwino! Chimene chinkandinyansa n'chakuti pasanapite nthawi mitoloyo inadanso bii, ntchito yanga ya burashi n'kupita pachabe.

Koma ndisanamize chitofu changa, miyezi imeneyo tinakhala bwino. Chifuwa cha amake Tadala chinatha, maso anayera. Nkhuni zimene kale zinkatha msanga zinayamba kukhalitsa. Tadala ankalembera ntchito ya kusukulu momwemo, ine ndikuwotcha mbatata pamwamba pa chitsulo, mapazi nditatambasula. Ndinali wokondwa ndithu, moti za anankafumbwe tonse awiri tinaiwaliratu.

Apongozi anabwera mu Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana. Atangotula katundu analowa m'khitchini, amake Tadala pambuyo pawo. Ine ndinaima panja pafupi ndi khomo, pamene mkamwini amayenera kuima, ndikudikira kuyamikiridwa. Anayang'ana chitofu, anayang'ana malata. Kenako anapita pakona paja n'kutsitsa mtolo umodzi woyera bwino uja. Atangougwedeza, ufa unayamba kuwaza pansi. Anasenda chimanga chimodzi, mabowo okhaokha, anankafumbwe akuyendayenda mosatekeseka ngati pakwawo. Anatsitsa wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu unangophwanyikira m'manja mwawo.

Apongozi anakhala pansi pomwepo, makoko ali pamiyendo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangonena motsitsa mawu kuti, "Mbewu ya amayi anga imeneyi."

Amake Tadala anandiyang'ana kudzera pakhomo. "Mankhwala aja, bambo a Tadala?"

Ndinayang'ana zala zakumapazi. Kunena zoona ndinamva chisoni chachikulu, chifukwa mbuzi munthu umagula ina, koma mbewu iyi kunalibe sitolo yoigulitsa. Ndinayamba kuganiza za njira ya ku Kasinje ndi mmene ndikafotokozere abale anga kuti ukwati wathera pa chumuni.

Ali chikhalire, apongozi anakweza maso n'kuona mitolo yakuda ija pafupi ndi paipi. "Iwe, tanditsitsira iyo." Amake Tadala anakwera pamtondo n'kutsitsa. Apongozi anagwedeza mtolo woyamba, sipanagwe kanthu koma mwaye. Anasenda, chimanga chili mbee, maso ake onse athunthu. Anatong'ola njere imodzi n'kuiluma, ndipo ine ndili panja ndinamva kulira kwake, khu! Anasenda china, ndi chinanso, chonse chamoyo.

"Anapachika apa ndani?" anafunsa.

"Ndi bambo a Tadala."

Apa ndinawongoka pang'ono. Ndinali nditayamba kale kukonza nkhope ya munthu amene anadziwa chimene akuchita.

"Ankabisa bowo lawolo," anamaliza amake Tadala, akuloza bondo langa lotupa, kautsi kakutuluka pang'onopang'ono.

Apongozi anayang'ana bowolo nthawi yaitali. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Poyamba ndinkayesa akulira, koma ayi, kunali kuseka, kuseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje. Atatha anatembenuka n'kundiyang'ana ineyo m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo, ndipo mawu sanadzere mwa munthu.

"Bambo, bowo limenelo musadzalitseke."

"Chabwino, amayi," ndinayankha.

Mbewu yopulumukayo inakwana kachigawo kamodzi ka munda, ndipo ndinakalima ndekha popanda wondituma. Inabereka bwino. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse apongozi amapachika mitolo yawo mozungulira bowo lija, ndipo nyengo yozizira amakhala pafupi ndi chitofu kuposa tonsefe. Alendo akabwera amawaonetsa bowolo asanawaonetse chitofu, n'kumati ndi ntchito ya mkamwini wawo.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kanthu. Mwezi wathawu ndinadutsa ku Manjawira, mmisiri uja n'kundionetsa paipi yatsopano, yosadukiza, yopanda polumikizira, yowala ngati ndowa yatsopano. Ndinaisisita, ndinafunsanso mtengo. Madzulo ake ndinayamba kuwauza amake Tadala, ndikuyang'ana kukhola kumene kuli kambuzi kathu katsopano. Iwo sanasiye n'komwe kusenda mbatata. Anangoti paipiyo ndikhoza kugula ndithu, palibe wondiletsa, bola ndikaiikire kwathu ku Kasinje.