Tsiku Limene Ndinapeta Intaneti pa Lichero

Amene analipo tsikulo ndi awa, kuti wotsutsa akafunse yekha. Achimwene anga a Chisale, eni mbumba, omwe anatenga mbuzi yanga yaikazi pa chiliza cha amayi n'kumati abweza akagulitsa fodya. Mwana wanga Esinati ndi mwamuna wake bambo a Mphatso, mkamwini wanga wa magalasi. A Phiri a ku Malomo, ankhoswe a kuchimuna, ndi alongo awo, atanyamula tambala wofiira m'dengu. Amene panalibe ndi mlamu wanga NaBanda, poti akandiona amakumbukira mphika wanga umene anabwereka. Panalibenso eni mwambo, mwana wanga womaliza Tiyamike ndi bwenzi lake Yohane, mphwawo wa a Phiri, chifukwa onse awiri ali ku Joni ndipo chinkhoswe chawo chimayenera kuchitikira pa foni, ife kuno iwo uko, maso ndi maso.

Tsono wina aimirire anene kuti Nachisale ndi wabodza poti sukulu anaithawa asanadziwe kulemba dzina lake. Aimirire ndimuone. Ine ndine mayi amene ndinatulutsa intaneti kuchipinda kwa mkamwini popanda chingwe, ndipo phazi langa silinaponde pakhomo la chipindacho.

Mudzi wathu uli m'chigwa kuseri kwa Chezi, momwe netiweki imadutsa pamwamba ngati kabawi, osatera. A Phiri anali atabwerapo kale nthawi ya dzinja, tinayesa foni iyi tinayesa foni iyo mpaka dzuwa kupendeka, iwo n'kubwerera ndi tambala wawo. Ulendo uno atangokhala pamkeka ananena mosabisa kuti, "Amayi, tambalayu akabwereranso ku Malomo adyedwa, ndipo nkhani ya anawa ithera mumphika momwemo." Mukumva? Ukwati wa mwana wanga unali m'dengu, ukuphethira.

Chomwe tinkadalira ndi kompyuta ya bambo a Mphatso, ija yaikulu yapatebulo yokhala ndi bokosi pansi. Iwo amagwira ntchito ya ofesi ali pakhomo, ndiye abwana awo anawakhomera chimbale padenga, n'kutsitsa nthambo yolowa m'khoma mpaka kumbuyo kwa bokosilo. Poopa akuba, zonsezi anaziika kuchipinda kogona. Tonse tinkayesa kuti angonyamula n'kuika pakhonde. M'mawa wa tsikulo n'pamene zinadziwika kuti nthamboyo ndi yaifupi ngati mchira wa mbuzi yanga ija, ndipo anaimata ndi simenti.

Mkamwini ananjuta patali n'kuuza mkazi wake kuti, "Auzeni amayi kuti mwina alendo angolowa kuchipinda."

A Chisale anatsamwa ndi thobwa. Alongo awo a a Phiri anayang'ana pansi ngati ataya singano. Ine mpongozi, ndikaone bedi la mkamwini? Malume akakhale pomwe mphwawo amavulira? Chinkhoswe chake chingakhale cha anthu kapena cha agalu? Esinati anati nanga tiimirire pazenera, koma zenera la chipindacho limayang'ana khola la nkhumba, ndipo palibe mbumba imene inalandirapo tambala nkhumba zikuchitira umboni.

A Phiri anayamba kumanga chivundikiro cha dengu.

Pamenepo ndinamanga chitenje, ndinazungulira kuseri, ndinaima chofulatira zenera monga ayenera mpongozi, n'kulankhula ndi khoma. Ndinati, "Khoma iwe, kawauze bambo a Mphatso kuti chinthu chimene chatsika kumwamba popanda chingwe mpaka kutera pa mbale yapadenga sichingalephere kuyenda popanda chingwe kuchoka kuchipinda kufika pakhonde. Chalemala liti? Achimasule." Khoma linayankha ndi mawu a mkamwini kuti muli kachipangizo kena m'dirowa, konga chala chachikulu, komwe anagula ku Lilongwe n'kukaiwala, kotha kusandutsa kompyuta kukhala yomwaza wayifayi. Ndinati, "Khoma, auze akabaye."

Anakabaya, anadina zodinazo, ndipo abale anga, chimene chinatuluka pansi pa chitseko sindinachionepo ngakhale chaka cha ngumbi zambiri, chifukwa intaneti inatuluka ili wiii, yosapeta, yosasefa, madeya ndi mphale pamodzi, inayamba yagunda nkhumba zomwe zinangomva mtengo wa nyama ku Madisi n'kukomoka zonse, inadutsa m'chigafa fodya n'kumva za mitengo ya kumsika n'kudzimasula yekha m'mabelo kuti sapita, inalowa mu wailesi ya malemu amuna anga imene inafa kalekale n'kuyamba kuyimba nyimbo za mpingo ilibe batire, inakwera chulu, inalumpha dambo, inagwira phiri, kotero kuti mafoni onse a ku Chezi analira nthawi imodzi m'matumba mwa anthu, ndipo m'busa wina amene anali pakati pa ulaliki anangotseka buku n'kunena ameni. Mukumva? Nkhungu ya m'mapiri a Ntchisi inasanduka sikirini, anthu akupita kumunda n'kumaonera mpira m'mwamba makasu ali paphewa, minibasi za ku Malomo zinaima zokha pamsewu makondakitala n'kumagwada kuloza kwathu, ndipo tambala wa m'dengu uja analira m'Chizulu. A Phiri alipo, kawafunseni.

Koma chakudya cha mudzi wonse sichikhutitsa mwini. Pamene a Chisale anayimba ku Joni pa foni yawo, yomwe ndi yaikulu ngati mbale ya ndiwo, nkhope ya Tiyamike inangobwera theka n'kuuma, diso limodzi lotseka, kamwa ili yasa. Dowa yense ndi Ntchisi yense anali akuyamwa intaneti yathu. Anthu anali atadzaza kale kuseri kwa mpanda, ena pa njinga, ena m'mitengo ya mango, mafoni ali m'mwamba ngati akupempha mvula. A Phiri anayang'ana dzuwa, anayang'ana msewu.

Ndinabwerera kukhoma. Ndinati, "Khoma, nkhokwe yopanda chitseko ndi ya mbewa. Auze atseke." Khoma linati pafunika mawu achinsinsi, oti aliyense wofuna kulowa aziyamba walemba. Linafunsa kuti tiike mawu anji. Ine sindinaganize kawiri. Ndinati alembe kuti mbuzi ya Nachisale sinabwere.

Atangotseka, mipira yonse ya mu nkhungu inazima, anthu anagwa m'mitengo ngati mango akupsa, ndipo pakhonde panafunika kuti foni ya a Chisale ilowenso mwatsopano. Achimwene anga salola munthu kugwira foni yawo. Anavala magalasi, anatambasula chala, ine ndikuwatchulira, iwo akubwereza mokweza liwu ndi liwu pamaso pa alendo, mbuzi, ya, Nachisale. Pa liwu lomaliza chala chinalakwitsa, ndipo anayambiranso. A Phiri anatsokomola m'chipewa.

Yatsala nkhani ya lichero, imene anthu a nsanje amaikana. Intaneti inali itatsekeredwa pakhomo pathu, koma inali ikadali ndi zinyalala, ndipo pofika pakhonde inkafika yofooka chifukwa cha makoma awiri a njerwa zootcha. Ndinauza Esinati atsekule chitseko cha chipinda ine nditafulatira, ndinaima pabalaza ndi lichero langa la nsungwi, ndinaiwakha ikutuluka, ndinaiponya m'mwamba, ndinaipeta monga ndapetera mphale moyo wanga wonse, mabodza ndi miseche ndi zithunzi za atsikana osavala zonse zikuuluka ngati gaga kulowera kwa NaBanda, n'chifukwa chake mpaka lero pakhomo pajapo sipatha nkhani, ndipo yoyera yokhayokha, yolemera, ndinaikhuthulira pamkeka pamaso pa ankhoswe. Mikono inandiwawa sabata yathunthu.

Nkhope ya Tiyamike inasungunuka. Diso linatseguka. Anati, "Amayi, mwaonda." Ndinati, "Iwe wanenepa, ukudya za ndani?" Yohane anagwada pa simenti ya ku Joni atavala jekete, a Chisale anamufunsa mafunso awo onse mpaka a kumpingo, mnyamata anayankha osaphethira. A Phiri anamasula dengu. Tambala anapita kwa a Chisale, msoti wathu unapita kwa a Phiri, nthungululu zinamveka mbali zonse ziwiri, za kuno ndi za uko, ndipo za uko zinkafika mochedwa pang'ono ngati mlendo waulemu.

Bambo a Mphatso amauza anzawo kuti lichero silinachite kanthu, akuti chinathandiza ndi chitseko chotsekula ndi kachipangizo kawo. Asiyeni, ndi mkamwini wabwino, amalima. Koma kachipangizoko kanagona m'dirowa zaka zingati kasanamve mawu anga? Ndipo ndani wa inu anayesapo kupeta intaneti n'kuona kuti sizitheka?

Zomwe zatsala ndi izi. Mbuzi sinabwere, ngakhale a Chisale amailemba Lamulungu lililonse akabwera kudzayimba foni, ndipo mawuwo sasintha mpaka ndiimve ikulira pakhomo pano, ndi ana ake. Mphika uli kwa NaBanda. Lichero alongo awo a a Phiri anabwereka kuti akayesere ku Malomo, silinabwerere. Mkamwini sananene zikomo, ngakhale kudzera kukhoma. Ndipo Tiyamike, amene ndimamuona tsopano pakhonde nthawi iliyonse ndikafuna, anandilonjeza pochoka kuti adzabwera nthawi yokolola kudzandimeta tsitsi ndi manja ake. Takolola kangapo. Ngongole imeneyo ndamuuza kuti siyolipira pa foni.