Tsiku Limene Ndinatsala Pang'ono Kufufuta Apongozi

Mukandiona pa Chonde ndikuyenda monyang'wa, musadabwe, ndili ndi chifukwa. Koma tsiku lija thukuta linafika mpaka m'masokosi.

Mwana wanga Esitere, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre, anandisiyira laputopu yakale ndi kadisiki. M'kadisikimo munali mawu a malemu apongozi anga akuimba nyimbo za Chilomwe, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Mayi a kunyumba ankafuna kumva amayi awo, koma laputopu inkakana kuwerenga.

"Ababa, kenelo yanu siidziwa mmene mafayilo anasanjidwira m'disikimo," anatero Esitere pafoni. "Kenelo ndiye mtima wa makinawo. Mumange modyulo, kachidutswa koiphunzitsa kuwerenga. Mukatha muyambe mwayesa pa fulashi ya zinthu zopanda ntchito. Ikakana, mundiimbire."

Ine wa Sitandade 6 kumanga modyulo! Malamulo onse ndinalemba kuseri kwa kalendala (malembedwe anga amawerengeka ndi ine ndekha, nthawi zina). Ndinakopera pulogalamuyo pa intaneti, n'kulemba lamulo la Chingerezi lomangira loti "make". Mizere inayamba kutsika ngati mvula ya m'phiri.

"Tabwerani muone, amuna anu akumanga!"

"Khitchini ija munayamba kumanga chaka chatha yatha?" anayankha mayi ali panja.

Modyulo inatuluka bwinobwino. Poilowetsa, kenelo inakana, ati inamangidwira kenelo ina. Tsono ine ndinakhala kapitawo ku esiteti ya tiyi zaka zambiri. Munthu akakana kuthyola mzere wake, sindinkaimbira foni mwana wanga. Ndinafufuza mpaka ndinapeza lamulo lokakamiza. Inalowa! Za fulashi zija ndinati ayi, ntchito yokongola chonchi ndiiyese pa zinyalala? Ndinalumikiza apongozi.

Makina anauma gwa. Kambewa kolozera pasikirini osasuntha, mabatani osamva, kanyali kamodzi kokha kakuphethira.

"Bwanji amayi sakuimba?"

"Akukonza pakhosi."

"Bambo a Esitere, mukawafufuta amayi anga, nyimbo zonsezo muimba ndinu, ndi Chilomwe chanu chothyokathyokacho."

Ankaseka, koma maso awo sanachoke pa kadisiki. Ndinatenga foni n'kupita kuseri kwa nyumba kukaimbira Esitere.

"Ababa, mwakakamiza?"

"Ndangoilimbikitsa."

Anapuma mpweya wautali. "Potsegula disiki, tizilembo tiwiri tija, r ndi o, munatiika?"

Ndinathamangira kalendala. Tinalipo, ndipo ndinatiika (ndinkaganiza kuti ndi tokongoletsa).

"Ndiye kuti munatsegula mongowerenga, osalembamo kanthu. Agogo ali bwino. Chotsani disikiyo, muzimitse makina."

Ulendo wachiwiri ndinayenda ngati wodwala wongotuluka kuchipatala cha Mishoni. Ndinakopera mafayilo ogwirizana ndi kenelo yanga yeniyeni, n'kumanganso. Inalowa yokha, osakankha. Ndinayesa pa fulashi katatu, kenako pa kadisiki.

Mawu a apongozi anadzaza pabalaza, osasa pang'ono ngati kale. Mayi anakhala pansi pasimenti n'kuyamba kuvomera nyimbo, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwaona ntchito ya manja anga?" ndinatero.

"Khalani chete, amayi akuimba."

Ndinakhala chete, koma chifuwa chinali chitatupa. Modyulo ija ndinamanga ndine, ndipo ikugwira ntchito mpaka lero. Esitere akuti ndaphunzira kusakakamiza makina. Mwina. Koma mayi anatsekera kadisiki kaja m'sutikesi, kiyi n'kumangirira m'khosi, ndipo sindinafunse chifukwa chake.