Ndinali pa Nsanja Pamene Anyani Ankadya

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Kwathu ku Tembwe anthu amadziwa kuti anyani anasakaza munda wa mwana wanga Esnati chifukwa anabwera ambiri. Amene anawauza zimenezo ndine. Analidi ambiri, koma chifukwa chake si chimenecho.

Ndiyambe ndi mlandu wakale. Esnati ndinamusiyitsa sukulu ali giredi folo kuti azilondera chimanga. Ndinati pepala silithamangitsa nyani. Lero ndi mayi wamasiye wa ana atatu, ndipo posaina amadinda chala. Ine wonena mawu aja ndinakalowa sukulu ya akuluakulu imvi zili mbuu. Manambala ndinawakonda kwambiri (mpaka pano galimoto ikadutsa ndimawerenga nambala yake mokweza, popanda wondifunsa).

Masewera a pa foni anandionetsa ndi aphunzitsi ena ochokera ku Chipata, tili pa golosale. Oyamba anali a zipatso zozungulira: ukadina zimaima, ndalama yapita. Achiwiri anali bingo, yomwe amaitana manambala iwe n'kumafuna pa khadi lako.

"A zipatsowa ndi a anthu osaphunzira, madala," anatero. "Bingo imachedwa ngati maliro a mfumu. Manje onani awa."

Achitatuwo anali ophatikiza. Pamwamba khadi la manambala, pansi chozungulira. Nambala ikaima pansipo n'kupezeka pa khadi lako imafufutika, ndipo mzere ukatha wapata ndalama. Mumtima ndinati apa ndiye pofunika munthu wa sukulu.

Kwathu netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, pa nsanja ya alonda m'munda wa Esnati. Chimanga chitayamba kukhwima ndinapita kwa iye.

"Chaka chino ndilondera ndine. Iwe unalondera zokwanira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Adada, mukudwala?"

Theka la mtima wanga linkanena zoona. Theka linalo linkafuna netiweki.

Zimene aphunzitsi aja sanandiuze ndi izi. Mipata yozunguliza ikatha, kawirikawiri pamatsala nambala imodzi yokha. Pamenepo foni imakufunsa mwaulemu ngati ufuna kugula mpata wina. Ukagula n'kulephera imafunsanso, mtengo utakwera. A zipatso aja amakubera msanga, iwe n'kupita kwanu kukalira. Awa amakusunga. Tsiku lina ndinapatako, koma foni inati ndalamazo sizituluka mpaka nditasewera kangapo. Bandulo ya intaneti nayo ikudya kwake, kutchajitsa pa sola ya pa golosale nakonso n'kolipira. Ndinagulitsa tambala, kunyumba n'kunena kuti wagwidwa ndi mphamba (mkazi wanga anangoti mphamba wa chaka chino ndi wamphamvu).

Masana Esnati ankandibweretsera maungu ophika. Tsiku lina anasuzumira pa foni n'kuona manambala.

"Ndi za kusukulu?"

"Ee. Masamu."

"Werengani, adada. Ine manambala amandizunguza mutu."

Kuyambira pamenepo ankangoika mbale pansi pa nsanja n'kubwerera monyang'ama kuti asandisokoneze.

Anyani amayamba aphunzira mlonda. Ine anandiphunzira sabata ziwiri, akuba chimodzichimodzi m'mphepete, n'kuona kuti mutu wa mdalayu sudzuka. Tsiku limenelo ndinkadikira nambala fote seveni kuti mzere uthe. Ndinamva mapesi akuchita phokoso. Chingwe chogwedezera zitini zoopsezera chinali pafupi ndi phazi langa, koma ndinati ndizungulize kamodzi kokha. Ndinagula mipata isanu. Kenako foni inazima, batire yatha, fote seveni osabwera.

Nditadzutsa mutu, nyani wamkulu anali khale pa chulu, chimanga china m'kamwa, china m'khwapa, akundiyang'ana monga momwe aphunzitsi a kusukulu ya akuluakulu ankandiyang'anira ndikalakwa samu. Kumbuyo kwake munda wonse unkagwedezeka. Ndinakoka chingwe, ndinakuwa, ndinatsika mothamanga mpaka buluku linakodwa pa msomali n'kung'ambika. Iwo anachoka pang'onopang'ono, ngati anthu otuluka m'tchalitchi.

Esnati anafika ndi mbale yake. Anaiika pansi n'kuyamba kuyenda m'mizere, akutola zimene anyani analuma n'kutaya.

"Anali ambiri," ndinatero. "Ndekha sindikanatha."

"Musadandaule, adada." Anapukuta chimanga cholumidwa pa chitenje chake. "Ine ndili mwana sanandidyerepo chonchi. Koma ine ndinalibe zowerenga."

Sananene mokwiya. Bwenzi zili bwino akanakwiya.

M'mawa mwake foni ndinaisiya pansi pa mphasa. Ndinatenga kope langa ndi pensulo, n'kupita kwa Esnati ndi mfundo ziwiri: kuulula zonse, ndi kuyamba kumuphunzitsa manambala kuyambira pa wani. Ndinamupeza akumanga mpango kumutu, akupita ku ganyu yodula mpunga wa anthu kuti ana adzadye. Anaona kopelo.

"Manje nthawi ndiipeza kuti, adada?"

Mfundo yoyamba ija sindinainene. Kope ndinalipinda n'kuika m'thumba, ndinabwereka chikwakwa kwa aneba, n'kumutsatira pambuyo.