Tochi ya Pamphumi Imene Inandibatiza

Nkhani iyi ndi yamanyazi, ndipo ndaibisa zaka zambiri. Koma poti ku Liwaladzi ngakhale ana obadwa dzulo amaidziwa, bola ndiinene ndekha anthu asanathiremo mchere wina.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene, mavenda atadzaza paliponse ndi katundu amene maso athu anali asanamuonepo. Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ya mishoni, ndipo ukwati wanga ndi Agnesi unali woti ulengezedwe m'tchalitchi Lamlungu la sabata yomweyo. Bambo ake, a Kamanga, anali mkulu wa mpingo, munthu woti akangomva ng'oma za matchalitchi atsopano aja ankatseka mawindo.

Pofuna kuti paukwati anthu adzadye bwino, ndinali nditagula kaukonde. Usiku ndinkapalasa bwato kukaonjola nsomba, tochi nditailuma pakamwa chifukwa manja onse ali pankhafi. Matochi awiri anapita pansi pa nyanja chifukwa chongoyetsemula.

Ndiye Lachisanu masana ndili padoko, kunabwera venda wachilendo, wa malaya oyera, taye, chikwama chakuda m'manja. Anatulutsa tochi ya lamba, yovala pamphumi. Ndinali ndisanaonepo chinthu chanzeru chotero.

"Iyi, bwana, ndi waterproof, silowa madzi," anatero venda. "Original! Bwato likatembenuka inu mumira, koma iyo iziyakabe."

"Nonse mumatero. Ine ndikufuna test."

"Palibe vuto, tiiviike mu ndowa."

"Ndowa? Kodi ine ndimapalasa bwato mu ndowa?" Ndinayang'ana uku ndi uku kuti anthu amve mmene mphunzitsi amagulira katundu. "Tiyeni m'nyanja. Ndiivale, ndimire nayo."

Pano ndiulule kuti kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri. Bwato ndinaphunzira, koma kulowetsa mutu m'madzi ndekha, ayi ndithu. Choncho titalowa mpaka m'chiuno, ndi zovala zomwe, ndinauza venda kuti andigwire pamutu, andikankhire pansi, aone ngati ikuyaka. Iye dzanja linalo analikweza m'mwamba kuti wotchi yake isanyowe.

Chubwi! Ndinavuuka ndikutsokomola.

"Ikuyaka?"

"Ikuyaka, bwana!"

"Kachiwiri!"

Chubwi!

"Nanga pano?"

"Ngati dzuwa, bwana!"

"Kachitatu, ndipo mundisiye pansipo pang'ono!"

Nditavuuka ulendo wachitatuwo chimwemwe chinandipitirira. Ndinakweza manja onse m'mwamba ndi kufuula, "Zatheka! Mavuto anga atha!"

Kumtunda kunalira nthungululu.

Nditapukuta m'maso ndinaona amayi amene ankachapa zovala ataimirira onse. Mmodzi wa iwo, Mayi Nabanda a kutchalitchi chatsopano, anali atayambitsa kale kolasi, akuvina ndi sopo m'manja.

"Aphunzitsi abadwanso mwatsopano!"

"Iyayi, amayi! Ndikugula tochi!"

Anamva ndani? Asodzi anasiya kusoka maukonde nabwera kudzaonerera. Gogo wina wa mwendo wotupa anatsika m'madzi ndi ndodo yake, kulunjika kwa venda.

"Abusa, nanenso!"

"Pepani agogo, inali imodzi yomweyi," anayankha venda, amene anali atalandira kale ndalama zake, uku akuyenda chafutambuyo.

Uthenga wa kunyanja suchedwa. Ndisanafinye n'komwe malaya, a Kamanga anatulukira panjinga, Agnesi ali pakaliyala, misozi ili chuchuchu.

"Aphunzitsi," anatero a Kamanga asanatsike n'komwe bwinobwino, "ine mwana wanga ndinamulonjeza kwa munthu wa mpingo wathu. Lamlungu sitilengeza kanthu."

Ndinagwada pamchenga mwaulemu. Kumeneko kunali kulakwitsa kwina, chifukwa amayi aja ataona ndagwada anakweza kolasi.

"Bambo, si ubatizo ayi! Funsani venda uja!"

"Ali kuti?"

Ndinatembenuka. Kumene anaima kunali mapazi okha olowera kumsewu.

"Chabwino, onani nokha!" Ndinavula tochi ija pamphumi ndi kudina batani. Zii. Ndinadinanso. Ndinaimenya pachikhato. Ndinaigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo m'kati munamveka khuchukhuchu ngati botolo la mankhwala a chifuwa.

A Kamanga anatambasula dzanja, ine n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anatsegula kumene kumakhala mabatire. Madzi anatsanukira pansapato zawo, ndi kamchenga komwe.

"Ndiye mukuti mwamizidwa katatu, masana dzuwa likuswa mtengo, ndi thalauza ya kusukulu, chifukwa cha ichi?"

"Inde, bambo."

"Anakukakamizani?"

"Ayi, bambo. Ndinachita kumupempha."

Agnesi anabisa nkhope m'chitenje. Mapewa ake ankagwedezeka, koma sikunalinso kulira. A Kamanga anapukusa mutu.

"Dzukani. Ndakukhulupirirani. Munthu wobadwanso mwatsopano sangakhale wopusa chonchi. Ukwati tilengeza, koma pakhomo panu zogulagula zonse azigula ndi Agnesi!"

Anzanga, katundu wosalowa madzi muzimuviika yekha, mutu wanu uzitsala kumtunda.