Galimoto imene ndinawasankhira amalume

Mpaka lero, nkhani ya galimoto ikayambika pakhomo pa amalume, ine ndimapeza kantchito kuseri kwa nyumba.

Nditamaliza sukulu kwathu ku Nkope, amalume ananditenga kuti ndizikakhala nawo ku Mangochi. Anati akaona kuti ndine wodalirika adzandiphunzitsa kuyendetsa galimoto. Kuyambira pamenepo ndinkasamala chilichonse, ngakhale katsekedwe ka chitseko.

Amalume ali ndi ana awiri, Esinati wa Fomu 3 ndi Daudi wa Fomu 1. Holide iliyonse ankafuna kuti anawa azizungulira kwa abale, ku Chowe, ku Malindi, mpaka ku Zomba, koma anawo anali atakaniratu minibasi. Esinati ankati amafika zovala zili makwinya okhaokha, Daudi ankati miyendo yake inasiya kukwana. Ndiye amalume anaganiza zogula galimoto. Atamva kuti bambo wina akugulitsa yake ku Nkope, anandituma kuti ndikaione, poti ndi kwathu.

Ndisananyamuke ndinafunsa aliyense chimene akufuna. Azakhali anati malo a katundu basi. Esinati anati magalasi azitsekeka bwino, fumbi lisamalowe m'tsitsi. Daudi anafuna potchajira foni ndi mpando wakumbuyo kwenikweni, kutali ndi makolo ake (izi anandinong'oneza).

Galimotoyo ndinaipeza itaima pafupi ndi matandala oyanikapo usipa, yotsukidwa bwino, ya mizere itatu ya mipando. Ndinamenya matayala ndi phazi (chifukwa chake sindichidziwa, ndinangoonera ena). Ndinakhala pa mpando uliwonse, ndinakweza ndi kutsitsa magalasi onse.

"Imeneyi, mwana wanga, njira ya ku Limbe imaidziwa yokha," anatero mwiniwake. "Ukhoza kugona, ikakudzutsa pamsika."

Ndinaona kuti ndi mbiri yabwino. Zoti kumsikako inkakatani sindinafunse. Kwathu kupanikiza munthu wamkulu ndi mafunso ndi mwano.

Amalume anadzailipira pa mawu anga, n'kuiyendetsa magalasi ali otsegula. M'mawa mwake tinanyamuka ulendo woyamba, wa ku Chowe kwa amayi awo a azakhali. Kunja kunali kozizira, aliyense anali wokondwa. Esinati anandiitana "achimwene" koyamba.

Titasiya msewu wa tala, fumbi linayamba ndipo Esinati analamula kuti magalasi atsekedwe. Dzuwa nalo linali litakwera. Patapita kanthawi nkhani zinatha m'galimoto.

"Muno mwafa chiyani?" anafunsa Esinati.

"Ine ndimayesa ndi achimwene, ndiye ndimachita ulemu," anatero Daudi kumbuyo kuja.

Azakhali anakokera chitenje pamphuno. Amalume ananditembenukira. "Iwe ukumva kanthu?"

Ndinanunkhiza ndi mtima wonse, poti ndinkafuna kuthandiza. "Ayi amalume. Kukungomveka ngati kunyumba."

Anaimitsa galimoto. Daudi atatukula kapeti wa kumbuyo, tinapeza mamba a chambo atamatirira m'makona monse. Galimotoyo inali yonyamula nsomba zaziwisi kupita nazo ku Limbe, ndipo madzi ake anali atalowerera pansi kwa zaka. Mipando yakumbuyo anangoibwezera pofuna kugulitsa. Ine, amene ndinakwawira pansi pa matandala, mphuno yanga inasiya kalekale kumva nsomba.

Tinapitiriza. Tikatsegula magalasi, fumbi. Tikatseka, nsomba. Esinati anasankha fumbi, ndipo anafika tsitsi lili lofiira.

Ku Chowe, apongozi a amalume anatichingamira. Atayandikira galimoto nkhope yawo inawala. Anatembenuka n'kuuza mdzukulu wawo kuti akoleze moto ndi kudula matimati.

"Mkamwini wanga uyu saiwala kuti kuno kuphiri nsomba timangoimva," anauza amayi oyandikana nawo, amene anali atayamba kale kusonkhana.

Tinatsitsa shuga, sopo ndi buledi. Iwo anadikira. Tinatsitsa zikwama. Anadikirabe.

"Nanga zinazo?"

"Palibe zina, amayi," anatero azakhali.

Gogoyo analowetsa mutu m'galimoto, anakokera mpweya, n'kuutulutsa mutuwo pang'onopang'ono.

"Palibe kanthu," anatero. "Mwina mwasiyira ena m'njira. Abale ndi ambiri."

Amalume anayesa kufotokoza za kapeti, koma ndani angakhulupirire kuti munthu wochokera kunyanja wabwera ndi fungo lokha? Matimati aja anathera mu nkhwani. Amalume anadya osadzutsa mutu. Amphaka a m'mudzimo anaswera pansi pa galimoto.

Titabwerera ku Mangochi ndinaitsuka ndi sopo, mandimu, phulusa, n'kuisiya padzuwa zitseko zili pululu. Ndikati fungo latha, ndinkaitana Esinati kuti adzanunkhize. Ankangoima patali n'kupukusa mutu. Holide yotsatira iye ndi Daudi anapempha okha kukwera minibasi, akuti kupanikizana sikupha munthu.

Ndinali nditakonzeka kubwerera ku Nkope. Koma tsiku lina amalume anandiponyera makiyi.

"Unasankha ndiwe, uziyendetsa ndiwe," anatero. "Palibe wina angakhalemo tsiku lonse."

Ndi mmene ndinaphunzirira kuyendetsa. Masiku ano tikamapita kwa abale ndimanyamula katundu ndi amalume, ana ndi azakhali amatipeza konko. Ndipo sitinyamuka opanda nsomba zokagawa, kuti fungolo likhale ndi mwini wake.

Anthu amati imanunkhabe. Ndimavomera, chifukwa sindikonda kutsutsa anthu. Koma kunena zoona, ine sindimva kalikonse.