Njati ndi zitunda khumi ndi zinayi

Lolemba

Ndatsimikiza mtima. Loweruka Njati ikulowa mpikisano.

Njati ndi galimoto yanga, yaitali, yofiira, ya masilinda asanu ndi atatu. Ndinaigula kwa bwana wina wa pa esiteti ya tiyi pamene ankapuma pa ntchito. Thupi lakalamba koma mawu sanakalambe: ndikailiza m'mawa, agalu a mudzi wonse amayankha. Tsiku ndi tsiku imatsika phiri ndi zinanazi za mkazi wanga, mayi a Chisomo, kupita nazo kumsika pa Chonde, ndipo sinatigonekepo panjira.

Lero pa Chonde pomwepo, ndikutsitsa katundu, afika a Nampinga, eni kagalimoto koyera kothamanga kaja, kamene mimba yake imatsala pang'ono kukhudza tala. Ayang'ana Njati n'kunena mokweza kuti, "Ngolo ya zinanazi yafika." Anthu aseka. Mayi a Chisomo nawonso aseka, ngakhale akukana. Zandiwawa kwambiri. Akananyoza ine sindikanadandaula.

Mpikisanowo umachitikira pa bwalo lakale la ndege: magalimoto awiriawiri, kuwongoka basi, mtunda wa mabwalo anayi a mpira. Dzina ndalembetsa kale, ndipo ndapempha kuti andiike ndi a Nampinga.

Zofunika:
1. Kuitsitsa, ikhale pansi ngati ya iwowo.
2. Matayala aakulu kumbuyo, osalala.
3. Kuchotsa mpando wakumbuyo, ipepuke.
4. Chinsinsi. Ntchito yonse ichitikire pakhomo pano, osati pa galaja pa Chonde pamene a Nampinga amaswera tsiku lonse.

Mfundo yachinayiyi ndikuinyadira kwambiri.

Lachiwiri

A Juwawo, makaniko wanga, afika pa njinga yamoto ndi jeke, masipanala ndi sowo yochekera zitsulo. Munthu ngati ameneyu m'boma muno mulibe. Tepi alibe, amayeza ndi zala. Aika khutu pa boneti injini ikulira, n'kundilozera pulagi imene ikudwala. Tamasula, ndi yomweyo.

Asanadule masipuling'i andifunsa kuti, "Amwene, tiduliredi kuno kumtunda?" Ndati inde. Ayang'ana kumsewu, ayang'ana ine, afunsanso kachiwiri. Ndatinso inde. Ayamba kucheka. Ndikuona ngati nzeru zanga zawadabwitsa.

Pofika masana Njati yakhala pansi. Pakati pa mimba yake ndi dothi pakungolowa zala zinayi. Kukongola kwake! Ndaizungulira kasanu. Nkhuku yathu, imene imausa pansi pake dzuwa likatentha, yayesa kulowa, yalephera, yaima n'kumandiyang'ana.

Zinanazi za lero sizinapite. Mayi a Chisomo ndawauza kuti ndi tsiku limodzi lokha.

Lachitatu

Matayala afika kuchokera ku Limbe. Awiri, onenepa ngati mtondo wogoneka, opanda mano ngakhale limodzi. Mayi a Chisomo awasisita ndi dzanja n'kuti, "Bambo a Chisomo, mwagula akutha? Awa ndi oti tikapereke kwa osoka nkhwayira." Ndawafotokozera kuti tayala losalala limagwira tala ndi thupi lonse, ndiye galimoto imanyamuka msanga. Andifunsa kuti talayo ili pati pakhomo pano. Funso lake si la zamakaniko.

Titamanga, matayala akukhula malata a galimoto. Ine mtima wasweka kale, koma a Juwawo angopempha mpini wa khasu. Aulowetsa pakati pa tayala ndi lata, andiuza kuti ndikankhe galimoto pang'onopang'ono, lata lapindika lokha bwinobwino, penti osang'ambika. Ndikanakhala ndi chipewa ndikanavula.

Mpando wakumbuyo tauika pakhonde, pafupi ndi mulu wa zinanazi. Muluwo wakula, ndipo wayamba kumveka fungo mpaka kuchipinda.

Madzulo ndaponda moto kamodzi pabwalo, kungomva kukoma. Dothi lauluka mpaka pa zovala zoyanika. Ndachapanso ndekha, ndikuimba mluzu.

Lachinayi

Tsiku lokayesa pa tala.

Kuchoka pakhomo kukafika pa tala pali makilomita atatu, otsetsereka okhaokha. Pamsewuwu pali zitunda zopingasa khumi ndi zinayi, zopatutsa madzi a mvula kuti asakokolole msewu. Chiwerengerocho ndikuchidziwa chifukwa wapampando wa komiti ya msewu ndine. Chaka chatha ndinkayenda ndi ndodo yoyezera, kubweza aliyense amene chitunda chake chinali chosafika pa mzere wa pandodopo.

Sabata yonseyi zitundazo sizinabwerepo m'mutu mwanga.

Choyamba chili pafupi ndi geti. Matayala akutsogolo awoloka, mimba yakhala pachitunda, akumbuyo akuzungulira m'malere. Ndakhala m'katimo kanthawi, galimoto ikuweramira kutsogolo, kenako kumbuyo, malinga ndi kumene ndasunthira.

Chitundacho sichinagumuke ngakhale pang'ono. Tinachitsendera bwino. Kunena zoona, ndi ntchito yapamwamba.

Ndapita kukatenga khasu. Nditangolikweza, adutsa mayi wina amene chaka chatha ndinawabweza katatu. Aima, atula mtolo wa nkhuni, apinda manja n'kuti, "Pitirizani, a wapampando, ife tionere." Khasu ndabweza kunyumba.

Njati ili pachitunda mpaka pano. Ndaifunditsa lona.

Lachisanu

Mlamu wanga, amene amanyamula katundu wa alendo okwera phiri pa Likhubula, wabwera ndi anzake asanu ndi awiri. Anthu amenewa ndawapatsa ulemu. Kuwaona ndi owonda, salankhula zambiri, ena avala nkhwayira zomwe zija. Adula mitengo iwiri ya bulugama, ailowetsa pansi kumbuyo, mmodzi wayambitsa nyimbo ya Chilomwe, Njati yadzuka n'kukatera tsidya lina osagunda. Ine kukamwa yasa.

Pachitunda chachiwiri mlamu wagogoda pagalasi: "Alamu, tsikaniko. Kuphiri timanyamula katundu, mwini wake amayenda yekha." Ndatsika.

Zotsatira za lero:
zitunda zowoloka, zisanu;
ekizozi, yatsala pa chachitatu;
nsapato yanga imodzi, sindikudziwa;
zitunda zotsala, zisanu ndi zinayi.

Tikanapitiriza, koma cha m'ma folo kwayamba mvula ya mawawa. Dothi lathu lofiirali likanyowa silimva za matayala osalala. Njati yatsetsereka chammbali, mwaulemu, osafulumira, n'kukaima m'mbali mwa msewu pansi pa mtengo wa mango, pamphambano imene othyola tiyi amadutsa. Mabuleki ndinaponda, koma matayala sizinawakhudze.

Mlamu ndi anzake mawa ali ndi alendo, akukwera phiri masiku atatu. Mayi a Chisomo awagawira zinanazi zimene zapsa kwambiri, aliyense zitatu. Ine angondidutsa. Bola akanandikalipira.

Loweruka

Tsiku la mpikisano. A Juwawo alawirira ndi matabwa awiri. Tayala matabwa, tathira mchenga, tayala masamba a nthochi. Matayala akuzungulira mokongola zedi, injini ikubangula popeza ekizozi kulibe, phiri likuyankha, galimoto ili pomwepo. Cha m'ma teni ndazimitsa. Ndakwera kumbuyo kwa njinga ya a Juwawo kuti ndikangoonerera.

Ataitana dzina langa ndi la a Nampinga, ndaimika dzanja ndili m'gulu la oonerera. Athamanga okha.

Ndiyenera kuvomereza: kagalimoto kaja kamathamanga. Mbendera itangotsika kagwada kumbuyo, kalira kamodzi, ndikamati ndimeze malovu kali kale kumapeto kwa bwalo. Ndazindikira ndikuwomba m'manja.

Pambuyo pake ndawafunsa kuti kwawo, ndi msewu wa maenje uja, amafika nako bwanji. Aseka mpaka kugwira bondo. "Kufika nako kuti? Aka kamagona pa galaja pa Chonde. Ine kunyumba ndimapita pa kabaza." Ndiye n'chifukwa chake amaswera pa galaja paja. Ndafunsa ena atatu a mpikisano, onse chimodzimodzi, palibe amene galimoto yake inaonapo pakhomo pake.

Ndayang'ana a Juwawo. Ati, "Ndinakufunsani kawiri, amwene."

Lamulungu

Masipuling'i akadulidwa sameranso. A Juwawo akuti ena awafunafuna, mwina sabata yamawa, mwina inayo.

Kutchalitchi alengeza kuti komiti ya msewu ikumane Lachiwiri, kukambirana za galimoto imene yaima pamphambano. Wotsogolera zokambiranazo ndine.

Masana ndatsika kukaiona. Ndapeza mayi a Chisomo andiyambira kale. Atsitsa zinanazi zonse pa wilibala, azindandalika paboneti ndi m'buti, abweretsanso mpando wakumbuyo uja n'kukhalapo pamthunzi ngati bwana. Ochokera kumapemphero akuima, akujambula Njati pa foni, akunyamula chinanazi. Mulu wa masiku asanu watsala pang'ono kutha. Mkazi ameneyu ndi wina. Andiuza, osandiyang'ana, kuti malowa awakonda ndipo a Juwawo asafulumire.

Dzuwa litapendeka afika a Nampinga pa kabaza, ati adzaone galimoto imene inawathawa. Aizungulira kawiri. Anjuta, alowetsa zala zinayi pansi pa mimba, asisita tayala lakumbuyo. Kenako ati, "Koma yakhala bwino, amwene. Yakhala bwino zedi." Mtima wanga wachita kudumpha. Sabata yonseyi ndimafuna mawu omwewo, kungoti ndimawafunira pa bwalo la ndege.

Agula zinanazi ziwiri n'kukwera kabaza wawo. Za ngolo sanatchulenso, ndipo ndikuwamvetsa. Ngolo imayenda.

Ndapukuta madzi a zinanazi paboneti ndi mpango wa kutchalitchi, ndanyamula wilibala, ndayamba kukwera kunyumba. Zitunda zisanu, ndipo pa chachitatu ndatola ekizozi.